Kodi Nambala za Masamba Zichotsedwe m'Mabuku a Braille?

Munthu wopenya akamawerenga buku, diso lake limalumpha nambala ya tsamba iye osazindikira n'komwe. Chala sichingathe kutero. Mnzathu wosaona amene akuwerenga pa makina otchedwa notetaker amakhudza chilichonse chimene makinawo atukula, ndipo nambala ikagwera pakati pa chiganizo, maganizo ake amadukira pomwepo. N'chifukwa chake ambiri amafuna kuzichotsa nambalazi. Koma asanatero, n'kwabwino adziwe kuti nambalazo n'zamitundu iwiri, ndipo ntchito zake n'zosiyana.

Tiyambe ndi gwero la vutoli. Zilembo zimene Louis Braille wa ku France anafalitsa m'chaka cha 1829 zimapangidwa ndi timadontho 6, ndipo kwa zaka zochuluka zinkawerengedwa papepala lokhuthala basi. Tsamba lozolowereka la Braille lili ndi mizere 25, mzere uliwonse wa zilembo pafupifupi 40. Mabuku ambiri a Braille osungidwa m'kompyuta ali m'mafayilo otchedwa BRF, amene anayalidwa kuti adindidwe papepala lotereli. Tsono notetaker, monga BrailleNote kapena BrailleSense, ilibe tsamba. Ili ndi mzere umodzi wokha, kawirikawiri wa zilembo 18, 20 kapena 32. Chotero wowerenga akatha mizere 25, chala chimadutsa pamalo opanda kanthu, kenaka chimagunda nambala imene sikugwirizana ndi nkhaniyo.

Nambala yoyamba ndi ya tsamba la Braille. Iyi imathandiza munthu amene wagwira mapepala odindidwa kuti awasanje bwino. Pa notetaker, pamene palibe pepala, phindu lake n'lochepa. Yachiwiri ndi ya tsamba la buku la anthu openya limene la Braille latengedwako. M'mabuku a sukulu okonzedwa ku America, nambala imeneyi imakhala pamwamba kudzanja lamanja, pamene ya Braille imakhala pansi. Popeza tsamba limodzi la openya limadya masamba angapo a Braille, otsatirawo amaikidwa zilembo a, b, c patsogolo pa nambalayo.

Aphunzitsi, nambala yachiwiriyi ndiyo yofunika kuisamala. Mukanena kuti, "Tsegulani tsamba 47," ana openya amafikapo nthawi yomweyo. Mwana wosaona amafikapo pofufuza nambala yomweyo pa makina ake. Ngati inachotsedwa, iye amangosakasaka anzake ali kale pandime yachitatu, ndipo tsiku limene adzafunsidwe kutchula tsamba pamene watenga mfundo yake adzasowa chonena. Akuluakulu anati walira mvula walira matope: kuwerenga kosadukiza n'kokoma, koma mtengo wake ungakhale kutsalira m'kalasi.

Kuchotsako nakonso kumafuna luso. M'Braille nambala zilibe zilembo zakezake. Pamalembedwa chizindikiro cha timadontho 3, 4, 5 ndi 6, chotsatiridwa ndi zilembo zochokera pa a kulekeza pa j. Motero 12 ndi chizindikirocho, kenaka a ndi b. Amene angalamule makina kufafaniza chizindikirochi ponseponse awononga zaka za m'buku la mbiri ndiponso masamu onse, pakuti 12 idzasanduka "ab". Njira yabwino ndiyo kuuza kompyuta ichotse nambala yokhayo imene yaima payokha kumapeto kwa mzere wotsiriza wa tsamba. Ntchitoyi ichitike pafayilo yokopera. Yoyambirira isungidwe yosakhudzidwa.

Akatswiri analiona vutoli. Bungwe la DAISY Consortium, mogwirizana ndi American Printing House for the Blind ndi mabungwe ena, linakonza mtundu watsopano wa mafayilo wotchedwa eBraille. M'mafayilo amenewa mawu amadzisanja malinga ndi kutalika kwa mzere wa makina, ndipo wowerenga angathe kulumphira pamutu kapena patsamba limene akufuna. Komabe mabuku a BRF amene alipo kale ndi ochuluka, ndipo sadzatha msanga.

Malangizo athu ndi awa. Buku la nthano lowerenga popumula, chotsani nambala ngati zikukusokonezani. Buku la sukulu, chotsani za Braille zokha, za openya muzisiye. Ndipo mphunzitsi wokonzera mwana buku ayambe wamufunsa mwanayo, pakuti chala chowerengacho n'chake.