Za Mazenera M'nyengo ya Chisanu

Ku Kapondo, m'boma la Mchinji, miyezi ya June ndi July ndiyo ya chisanu, ndipo mphepo ya mwera ilowa m'nyumba pa mazenera odyedwa ndi chiswe. Pamenepo eni nyumba afunsa, "Kodi si kwabwino kutseka zenera ndi njerwa?" Iyayi, pakuti nyumba yopanda zenera isunga utsi ndi mdima, ndipo makala oyaka m'chipinda chotsekeka apha munthu ali m'tulo.

Munthu wanzeru aitana mmisiri chisanu chisanafike. Mmisiriyo ayesa malo, napala zenera latsopano la mlombwa, mtengo umene chiswe sichiudya msanga, namata dothi m'mbali mwake. Usiku mwini nyumba atulutsa mbaula natseka zenera. M'mawa alitsegula, kuti dzuwa ndi mpweya wabwino zilowe.