Kodi Kupsa Mtima Msanga N'kwakumtundu?

Ena mwa anthu omwe ali ndi vuto la m'maganizo losokoneza khalidwe amapsa mtima mwadzidzidzi, n'kumenya mnzawo asanaganize.

Chibadwa chimathandizirako ndithu. Kafukufuku wa anyamata obadwira ku Dunedin, m'dziko la New Zealand, amene anafalitsidwa mu 2002, anaunika kachidutswa ka chibadwa kotchedwa MAOA, komwe kamathandiza kuphwanya timadzi tonyamula mauthenga mu ubongo. Mwa anyamata amene kachidutswaka kanali kofooka ndipo anazunzidwa kwambiri paubwana, ambiri anakula ndi khalidwe lachiwawa. Koma anzawo achibadwa chomwecho amene sanazunzidwe sanasiyane kwenikweni ndi anthu ena.

Choncho chibadwa pachokha sichilamula khalidwe la munthu. Kaleredwe nako kali ndi mphamvu. Tisazunze ana, ndipo mbale wovutika motere timuperekeze kuchipatala cha boma akaonane ndi madokotala a zamaganizo asanavulaze wina.