Pepala, singano ndi ulusi: buku latha

Mwana wa ku Mitundu kapena ku Nathenje akafuna buku la nthano, kawirikawiri makolo amayenera kukwera minibasi mpaka ku Lilongwe. Akakafika, mtengo wa bukulo umawabweza manja lendelende. Koma kabuku kakhoza kupangidwa pakhonde pompano, ndi pepala limodzi, bolopeni yakuda ndi sizasi basi.

Timabuku totere azungu amatitcha zine. Dzinali lidachokera ku timagazini tomwe okonda nkhani zopeka zasayansi ku America ankadzilembera okha m'zaka za m'ma 1930. Mwini nkhani ndiye amalemba, kujambula, kusindikiza ndi kusoka, osadikira kampani yosindikiza mabuku.

Kudera lino ntchito ya mabuku si yachilendo. Msewu wopatukira pa Kamphata, kungopitirira Nathenje, umakafika ku mishoni ya Nkhoma yomwe idakhazikitsidwa mu 1896. Makina osindikizira a pamishoniyo adatulutsa mabuku ambiri a Chichewa komanso magazini ya Kuunika. Samuel Josia Nthara, mphunzitsi wa mpingowo, adalemba Nthondo, buku lomwe lidatuluka mu 1933, kenako Mbiri ya Achewa. Zomwe Nthara adamva kwa akuluakulu akadazisiya m'mutu, lero bwenzi zambiri zitapita nawo kumanda.

Phunziro loyamba kwa wofuna lusoli ndi kupinda. Pepala la A4 amalipinda pakati katatu, ndipo akalitambasula pamaoneka timabokosi 8, tinayi pamwamba, tinayi pansi. Akatero amadula mzere wa pakati wam'litali, koma pa timabokosi ta pakati pokha, kusiya ta kumapeto konse tili tolumikizana. Akalipindanso m'litali n'kukankha mbali ziwirizo kuti zikumane, malo odulidwa aja amayasama ndipo pepala limasanduka kabuku ka masamba 8.

Ubwino wa njirayi ndi wakuti zolemba zonse zimakhala mbali imodzi ya pepala, choncho fotokope imodzi ndi kabuku kamodzi. Pofunika kusamala ndi pakuti timabokosi ta pamwamba timalembedwa mozondoka. Ichi n'chifukwa chake wanzeru amayamba wapinda ndi kulemba manambala a masamba, kenako n'kutambasula ndi kuyamba kulemba.

Pensulo ndi inki yabuluu sizituluka bwino pamakina a fotokope. Bolopeni yakuda ndiyo yodalirika, ndipo m'mphepete mwa pepala mumasiyidwa mpata wa chala chimodzi poti makina ambiri safika kumapeto.

Nkhani ikakhala yaitali, pamafunika kusoka. Mapepala anayi opindidwa pakati amapereka masamba 16. Apa ndi pomwe ambiri amasochera, chifukwa tsamba 1 siliyandikana ndi tsamba 2 papepala lotambasula. Limayandikana ndi 16, pamene 2 amayandikana ndi 15, ndipo 3 ndi 14. Lamulo lake n'losavuta: manambala awiri oyandikanawo akaphatikizidwa azikwana 17.

Posoka amaboola mabowo atatu pamsana wa buku ndi msomali waung'ono. Singano imayambira m'kati pabowo la pakati kutuluka kunja, kulowanso pabowo la pamwamba, kutsika m'kati mpaka kutulukira pabowo la pansi, n'kubwerera pabowo la pakati. Nsonga ziwiri za ulusi zimamangidwa mfundo mozinga ulusi wautali uja. Chikuto chikhoza kukhala katoni ya sopo yokutidwa ndi kansalu kotsala kwa telala, komata ndi phala la ufa wa chinangwa.

Nzeru yogwiritsa ntchito zomwe zilipo aphunzitsi amaidziwa bwino, poti ndiyo TALULAR yomwe amaphunzira kukoleji. Idafunika kwambiri sukulu zapulaimale zitakhala zaulere mu 1994, pamene ana oposa miliyoni imodzi adawonjezekera m'makalasi koma mabuku osakwana. Ku Blantyre bungwe la Paper Making Education Trust nalo lidatchuka pophunzitsa anthu kupanga mapepala atsopano kuchokera ku otha ntchito.

Kuchepa kwa kabuku sikutanthauza kuchepa mphamvu. Pa 8 Malichi 1992 m'matchalitchi a Katolika mudawerengedwa kalata ya maepiskopi yomwe idali kabuku ka masamba ochepa chabe. Boma la nthawiyo lidailetsa, ndipo nyumba yosindikizira ya Montfort ku Balaka, komwe idasindikizidwa, idatenthedwa. Chaka chotsatira Amalawi adavotera ndale za zipani zambiri.

Zolemba kumudzi sizisowa. Kalabu ya alimi ikhoza kulemba kakonzedwe ka manyowa a kompositi, banki m'khonde ikhoza kusindikiza malamulo ake kuti membala aliyense akhale nawo, ndipo ana asukulu akhoza kukhala pansi ndi agogo n'kulemba nthano, miyambi ndi mbiri ya mudzi wawo. Chofunika n'kupempha kaye chilolezo kwa mwini nkhani ndi kupewa kulemba zonyoza munthu, chifukwa cholembedwa sichifufutika ngati cholankhula.

Mwana yemwe wasoka yekha kabuku, dzina lake lili pachikuto, sakasiya pamvula. Amakawerengera mng'ono wake madzulo, ndipo mawa lake amapempha pepala lina.