Zala zouma m'mamawa: nyamakazi imene abale amaiyesa ulesi

M'miyezi ya Juni ndi Julaye chisanu cha ku Mayani chimalowa mpaka m'mafupa, ndipo aliyense amadzuka akudandaula. N'chifukwa chake mayi wa zaka za m'ma 30 akanena kuti zala zake zikukana kupindika, palibe amatembenuka n'komwe. Onse azizidwa. Koma anzake akaotha moto pang'ono amanyamula zidebe ulendo wa ku mjigo, pamene iye amatha ola lathunthu akulimbana ndi mfundo ya chitenje. Dzuwa likakwera zala zija zimamasuka, amaphika, amacheza. Apongozi amene anamumva akubuula m'mawa akamuona masana akupeta chimanga, mlandu amaugamula pomwepo: ndi ulesi basi.

Mawu oti nyamakazi timawagwiritsa ntchito pa matenda angapo. Ilipo ya agogo, yobwera mawondo ndi chiuno zikaperepeseka ndi ukalamba. Iyi ndi ina, imene madokotala amaitcha rheumatoid arthritis. Chitetezo cha m'thupi, chimene ntchito yake ndi kulimbana ndi tizilombo, chimasokonezeka n'kuyamba kuukira kachikopa kamene kamakuta molumikizana mafupa. Malowo amatupa, amatentha, amawawa. Nthawi zambiri imayambira m'mfundo za zala, m'mikono ndi m'zala za kumapazi, mbali zonse ziwiri mofanana. Munthu amatopanso kwambiri ngakhale asanagwire khasu.

Bungwe la zaumoyo la WHO limati mu 2019 anthu 18 miliyoni padziko lonse anali ndi matendawa, ndipo 70 mwa 100 alionse anali akazi. Matendawa sapatsirana, ndipo chisanu sichiwayambitsa, ngakhale odwala ambiri amati kukazizira ululu umakula. Kusuta fodya kumawonjezera chiopsezo, ndipo m'mabanja ena amayenda m'magazi.

Chimene chimawawa pamudzi n'chakuti matendawa akamayamba saoneka. Palibe chilonda, palibe chifuwa. Amabwera, n'kuchepa, n'kubweranso. Amayi ambiri amapeza bwino akakhala oyembekezera, kenako ululu umabwerera mwamphamvu atangochira. Kwa alamu ndi apongozi umenewu umakhala umboni wokwanira: bwanji ali ndi pakati ankalima? Wa ku chitengwa zimamukulira kwambiri, popeza amayi ake ndi atsibweni ake ali kutali. Naye mkamwini amene manja akukana kugwira mpini nthawi yokumba kachewere samva mawu okoma kumudzi kwa mkazi wake.

Abale ena amakhulupirira kuti munthu akudwaladi, koma amakhotera kwina. Amati walodzedwa, amapita naye kwa sing'anga, amamutema mphini m'mawondo ndi m'mikono, kenako maso onse amaloza agogo ena a pamudzi. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kutchula munthu mfiti, koma zimenezi siziletsa mabanja kugawanika. Pa nthawi yonseyi mafupa amakhala akudyeka mwakachetechete.

Miyezi imene imathera m'mikangano ndi imene mankhwala amagwira bwino ntchito. Kuonongeka kwa mafupa kungayambe m'zaka ziwiri zoyambirira, ndipo chala chikapindika sichiwongokanso ndi mapiritsi. Madokotala amafuna wodwala ayambe mankhwala enieni m'miyezi yochepa chiyambireni zizindikiro.

Ambiri amakhalira burufeni ndi indosidi wa pagulosale. Amaziziritsa ululu, inde, koma matenda amapitirira, ndipo kumwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi kumabweretsa zilonda za m'mimba ndi kuononga impso. Prednisolone amaphwetsa zotupa msangamsanga moti wodwala amayesa wachira, koma akamwedwa nthawi yaitali amakweza shuga ndi kuthamanga kwa magazi, amafooketsanso mafupa. Mankhwala amene amagwira matenda pakhosi ndi monga methotrexate, amene amamwedwa kamodzi pa sabata, osati tsiku lililonse, limodzi ndi folic acid. Ndi oopsa kwa mwana wosabadwa, choncho nkhani ya kulera iyenera kukambidwa ndi adokotala, abambo ali pomwepo. Akuluakulu amene amakumbukira kuwawa kwa kolorokwini, amene Malawi anasiya kuchizira malungo mu 1993, angadabwe kumva kuti m'bale wake, hydroxychloroquine, ndi mmodzi mwa mankhwala a nyamakaziyi.

Ngati mfundo zatupa kwa masabata asanu ndi limodzi, ndipo kuuma kwa m'mawa kukupitirira theka la ola, poyambira ndi pachipatala chaching'ono cha Mayani. Kuchoka apo kalata imatumiza munthu ku chipatala cha boma ku Dedza, ndipo pakafunika mpaka ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Kumeneko amayeza magazi ndi kujambula manja. Magazi nthawi zina amatuluka opanda chizindikiro pamene matenda alipo, n'chifukwa chake dokotala amagwiranso mfundo imodziimodzi ndi kufunsa mbiri yonse.

Nanga abale aja? Kukangana nawo pabwalo sikupindula kwenikweni, chifukwa mawu a wodwala ndi amene akukayikiridwa. Chanzeru ndi kutenga wokayika wamkuluyo, kaya ndi apongozi kaya abambo a m'nyumba, kuti akhale operekeza ku chipatala, akamve okha kuchokera kwa wovala zoyera. Buku la kuchipatala lolembedwa dzina la matenda limalemera pamaso pa ankhoswe kuposa misozi. Mawu onyoza akapitirira, ankhoswe a mbali zonse ali ndi udindo wokhala pansi, ndipo amayi a chigwirizano kapena anzake a ku mzikiti amatha kulankhula zimene mtengwa sangathe kunena kwa apongozi.

Zina ndi zongosintha ndondomeko ya tsiku. Kuviika manja m'madzi ofunda podzuka kumafewetsa zala. Kutunga madzi ndi kuchapa zingasunthidwe kupita chakumasana. Mthiko ndi mpini zikakulungidwa ndi nsanza kuti zinenepe zimagwirika bwino, ndipo ndowa ziwiri zazing'ono n'zabwino kuposa chidebe cha malita 20. Kugona tsiku lonse kumaumitsa mfundo kwambiri, choncho madokotala amalimbikitsa kuyenda ndi kutambasula zala pang'onopang'ono, kupuma kukhale kwa masiku amene mfundo zatupa ndi kutentha.