Kusintha mainjekita pa injini yowonjezeredwa mphamvu

Injekita ndi kachipangizo kamene kamapopera mafuta mu injini ya galimoto. Kali ndi valavu yaing'ono yotsekuka ndi magetsi, ndipo kompyuta ya injini, yotchedwa ECU, ndi imene imalamula kuti valavuyo itsekuke liti komanso kwa nthawi yaitali bwanji. Njirayi inalowa m'malo mwa kabuleta. Kampani ya Bosch ya ku Germany inayamba kuika mainjekita oyendetsedwa ndi magetsi a D-Jetronic pa galimoto ya Volkswagen 1600 m'chaka cha 1967.

Chifukwa chosinthira

Kuti petulo apse yense, pamafunika magalamu 14.7 a mpweya pa galamu imodzi ya petulo. Injini ikaikidwa turbo, imakoka mpweya wambiri kuposa kale, choncho imafunanso mafuta ambiri. Mainjekita amene inabwera nawo kufakitale akalephera kupereka mafutawo, kutentha m'masilinda kumakwera, mafuta amayamba kuphulika mosalongosoka, ndipo mapisitoni amatha kusungunuka. N'chifukwa chake eni galimoto zotere amagula mainjekita akuluakulu opangidwa ndi makampani ena. Komabe injekita yaikulu payokha siwonjezera mphamvu. Imangothandiza kuti mafuta akwanirane ndi mpweya umene wawonjezeka.

Kusankha kukula kwake

Kukula kwa injekita kumayezedwa ndi mafuta amene imatulutsa, m'ma cc pa mphindi kapena m'mapaundi pa ola. Paundi imodzi pa ola ndi pafupifupi 10.5 cc pa mphindi. Amakaniko amasankha injekita yoti isamakhale yotsekuka kupitirira 80 peresenti ya nthawi, kuti pakhale mpata wotsala.

Mwachitsanzo, injini ya turbo imadya petulo pafupifupi mapaundi 0.6 pa ola pa horsepower iliyonse. Injini ya masilinda 4 yotulutsa horsepower 300 ingadye mapaundi 180 pa ola, kutanthauza mapaundi 45 pa silinda iliyonse. Kugawa 45 ndi 0.8 kumapereka mapaundi 56, omwe ndi pafupifupi 590 cc pa mphindi.

Mtundu wa mafuta umasinthanso masamuwa. Ethanol ali ndi mphamvu yochepa poyerekeza ndi petulo, moti injini yoyendera mafuta a E85 imafuna ochuluka ndi 30 peresenti kapena kuyandikira pamenepo. Ku Malawi petulo wakhala akusakanizidwa ndi ethanol kuyambira 1982, koma pamlingo wotsika kwambiri kuposa wa E85.

Zoyenera kugwirizana

Mainjekita alipo a mitundu iwiri potengera magetsi. Ena ali ndi ma ohm 12 mpaka 16, pomwe ena ali ndi ma ohm 2 kapena 3 okha. Kulumikiza a ma ohm ochepa ku ECU yopangidwira a ma ohm ambiri kumatha kuiwotcha, pokhapokha pataikidwa ma resistor. Kutalika kwa injekita ndi pulagi yake ziyeneranso kukwana pamalo pake. Pampu ya mafuta nayo iyenera kukhala yamphamvu mokwanira, chifukwa mainjekita ambiri amayezedwa pa mphamvu ya 3 bar, ndipo mphamvuyi ikatsika amatulutsa mafuta ochepa.

Kaikidwe kake

Ntchito imayamba ndi kutsitsa mphamvu ya mafuta m'mapaipi ndi kuchotsa waya wa batire. Kenako amamasula paipi imene mainjekita amalumikizidwako n'kuzula akalewo. Atsopano amaikidwa ndi timphira tatsopano topakidwa oilo pang'ono kuti tisang'ambike. Injini isanalizidwe, pampu imayatsidwa n'kuona ngati pali podontha, poti petulo wodonthera pa injini yotentha amabutsa moto.

Kukonza ECU

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse. ECU siidziwa kuti mainjekita asinthidwa. Ikapanda kuuzidwa, imatsekula injekita ya 590 cc nthawi yofanana ndi imene inkatsekulira ya 300 cc, ndipo mafuta olowa amakhala pafupifupi kawiri. Zotsatira zake ndi utsi wakuda, mapulagi odetsedwa, injini yozimazima, ndi petulo wotsikira mu oilo. Katswiri amalowetsa mu ECU kukula kwa injekita yatsopano komanso kanthawi kamene imachedwa isanatsekuke, komwe kamatalika magetsi a batire akachepa. Pomaliza galimoto imayesedwa pamakina a dyno, kwinaku sensa yoikidwa pa ekizozi ikusonyeza ngati mpweya ndi mafuta zikugwirizana.