Kodi mwala wakutchire umayamba bwanji kuthwanima?

Ana inu, mukaona kamwala kakuthwanima pa mphete, musaganize kuti kanatuluka m'nthaka kali choncho. Miyala yambiri ya mtengo wapatali ikamatoledwa imakhala yothimbirira ndi yomatirira dothi, moti mukhoza kuiponda osadziwa.

Alipo anthu amene amaisaka pongoikonda basi. Ku America, m'chigawo cha Arkansas, kuli paki yotchedwa Crater of Diamonds. Munthu amalipira pachipata, n'kulowa m'munda wogawula ali ndi fosholo ndi sefa, ndipo dayamondi amene wapeza amapita naye kwawo! Pamalo omwewo mu 1924 panapezeka dayamondi woposa makarati 40. Makarati 5 ndiwo amapanga galamu imodzi, choncho kamwala kotchukako kankalemera magalamu 8 okha. Kwathu kunonso miyala yokongola ilipo: agate wabuluu ku Ngabu, aquamarine ku Mzimba, ndiponso ruby ndi sapphire paphiri la Chimwadzulu ku Ntcheu. Osaka miyala amakonda kuyenda mvula itangokata, poti madzi amachotsa fumbi ndipo mwala wonyowa subisa mtundu wake.

Akautola amauyesa kulimba. Mu 1812 Friedrich Mohs wa ku Germany anasanja miyala kuyambira pa 1 mpaka 10, poona kuti ndi uti umakanda unzake. Chikhadabo chanu chili cha pa 2.5, galasi cha pa 5.5, nsangalabwi pa 7, ruby pa 9, dayamondi pa 10. Mwala umagonja kwa wouposa kulimba, n'chifukwa chake amisiri a miyala amagwiritsa ntchito ufa wa dayamondi.

Tsopano tafika pamene ine pamandikomera. Timati mmisiri "akudula" mwala, koma ntchito yaikulu ndi kupera ndi kunola, monga agogo amanolera mpeni pamwala. Poyamba amautembenuzatembenuza pa kuwala kufufuza ming'alu. Akakhutira amachotsa zoipa ndi macheka opanda mano, uku madzi akudonthera kuti mwala usatenthe n'kusweka. Kenako amaumata ndi phula kunsonga ya kandodo, n'kuugunditsa pa mbale yachitsulo yozungulira. Ukalala mbali imodzi, amapotoza kandodoko pang'ono chabe, n'kunola ina. Mbali iliyonse amaibwereza ndi ufa wosalala kuposa woyamba mpaka iwale ngwee.

Nanga kuthwanimako kumachokera kuti? Mwala ulibe nyali m'kati. Kuwala kumalowera pamwamba, n'kugunda timbali tam'munsi, n'kubwerera m'diso mwanu. Mmisiri akalakwitsa kapendekekedwe ka timbalito, kuwala kumathawira pansi, ndipo mwala umangooneka mbuu ngakhale utakhala wabwino chotani. Mu 1919 Marcel Tolkowsky anawerengera masamu a kapendekekedwe kameneka pa dayamondi wozungulira, amene amakhala ndi timbali 57 kapena 58. Tangoganizani timbali tonseto pa kamwala kochepa kuposa nyemba!

Pali chowawa chimodzi: nthawi zambiri mwala woposa theka umapita ndi madzi ngati matope. Amene wapereka mwala wake kwa mmisiri amalandira kakang'ono, koma kowala.

Agate, poti kuwala sikumudutsa bwino, sapatsidwa timbali. Amamunola mobulungira pamwamba kuti mizere yake ioneke, kapena amamuika m'kamgolo kozungulira usana ndi usiku pamodzi ndi madzi ndi ufa wokhakhala, kwa mwezi kapena kuposerapo.

Mukafuna kuyamba, yendani ndi wamkulu ndipo muzitola za pamtunda zokha. Musalowe m'maenje a migodi, chifukwa amagumuka n'kukwirira anthu, komanso kukumba ndi kugulitsa miyala kumafuna chilolezo cha boma. Tolani nsangalabwi yakuthwa, muitsuke, muyese kukanda nayo botolo lakale losasweka. Kenako pukutani ndi chala chonyowa: mzere ukafufutika, unali ufa wa mwalawo, koma ukatsalira, mwala wanu waposa galasi.