Za Kuwonjola Ng'ombe Yotitimira M'thope

Abale athu a m'midzi ya kunyanja, inu nonse mudziwa kuti madzi akayamba kuphwa m'madambo a ku Malombe ndi m'mbali mwa Shire, pamatsala thope lakuda lonyenga maso, louma pamwamba koma lofewa pansi. Ng'ombe yofuna kumwa ilowamo, ndipo pamene iphiriphitha kuti ituluke, ndi pomwe imirabe kufikira m'mimba. Mwini wache akuwa, anthu athamanga ndi zingwe, namanga nyanga kapena khosi, nakoka onse pamodzi. Ife taona ng'ombe yotere itatulukadi, koma yothyoka khosi. Tsiku lomwelo inasanduka ndiwo, ndipo ngolo ya banja lija inakhala chaka chonse yopanda woikoka.

Ku England, m'dera la Hampshire, ozimitsa moto ali ndi gulu lophunzira ntchito imeneyi, ndipo ku America aliko anthu odzipereka osalandira malipiro, amene aitanidwa kavalo akagwa m'dzenje. Kuno sitiweta akavalo, koma nzeru zao zitithandiza.

Kwathu komwe kuno tinaona amisiri a ntchito yotere m'chaka cha 2009, pamene boma ndi bungwe la IFAW anasamutsa njobvu 83 kuchokera ku Phirilongwe kunka nazo ku Majete, pakuti zinali kutha minda ndi kupha anthu, anthunso nazilasa ndi kuzitchera misampha. Analasa njobvu ndi mankhwala ogonetsa ali m'ndege ya helikopita, banja lonse pamodzi, kuti mwana asasiyane ndi mache. Ikagwa, anaigoneka cham'mbali, chifukwa njobvu yogonera chifuwa siipuma bwino. Anaphimba diso ndi khutu lache lomwe, naika kamtengo kukamwa kwa chitamba kuti chisatsekeke. Chimene tinazizwa nacho ndi ichi, kuti anthu amphamvu zotere anasamala mpweya wa nyama koposa kufulumira.

Tsono ng'ombe yanu ikatitimira, mmodzi yekha alamule, ena akhale chete, ana ndi agaru apite kutali, pakuti phokoso liopsa nyama ndi kuitopetsa. Phimbani maso ache ndi nsaru. Yalani matabwa, nsungwi kapena chitseko pathope kuti mupondepo, ndipo muifikire cha kumsana, kutali ndi ziboda ndi nyanga. Chogwira miyendo ndi thope lomata, chifukwa chache kumbani mozungulira mwendo uli wonse ndi kuthiramo madzi ambiri kuti lisungunuke. Pamenepo pisani lamba wotambalala pansi pa chifuwa, kumbuyo kwa miyendo yakutsogolo. Ngati muli ndi chingwe chokha, chikulungeni ndi ziguduli kuti chisacheke khungu. Kokani ndi manja pang'ono pang'ono, muipumitse, nimukokenso. Galimoto musakokere nayo, pakuti siimva pamene fupa lifuna kuthyoka. Madzi akakhala akuya, wina aime kuyang'anira ng'ona, imene m'Shire siisowa.

Ikatuluka, musaisiye chigonere cham'mbali, chifukwa ng'ombe yogona chotero itupa mimba msanga. Ikhazikeni pa chifuwa chache, miyendo itapindidwa pansi, muitsamiritse ndi matumba a udzu, muipukute ndi kuifunda ngati ikunthunthumira. Musaikwapule kuti iime. Miyendo yache yachita dzanzi, ndipo idzaima yokha mwazi ukayambanso kuyenda. Ikalephera kudzuka kufikira madzulo, tumani mnyamata wa njinga akaitane mlangizi wa ziweto.